Khoma la Maluwa pa Ofesi mu Harare: Yambani ndi Madzi

Mukalowa m'maofesi a ku Borrowdale, ku Newlands kapena m'nyumba zija za ku Milton Park zimene anazisandutsa maofesi, simuchedwa kuona miphika ikuluikulu ya maluwa pakhomo, ndipo kwina khoma lonse labiriwira kuyambira pansi mpaka kudenga. Abwana akaziona kwa anzawo amafunsa munthu amene ali naye pafupi, ndipo kawirikawiri munthuyo amakhala mmodzi wa ife, ana a anthu a ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mangochi amene takulira m'minda ya maluwa ya mzinda uno. Ndikulembera inu anzanga amene mwafunsidwa ntchito yotere. Ine ndimasamalira miphika ndi makoma a zomera m'maofesi a m'tauni ndi ku Msasa, ndipo ndifotokoza mmene ndimaiyendetsera.

Chimene chimapha makoma amenewa ndi madzi, kuchepa kapena kuchuluka, komanso kusowa munthu wowayang'anira ntchito yomanga ikatha. Mbewu ya pansi ikamva ludzu imatumiza mizu kukafuna chinyontho. Ya pakhoma ili ndi kadothi kochepa ka mumphika mwake, kakauma palibenso kwina kopita. N'chifukwa chake kusankha maluwa okongola ine ndimakuika pomalizira, ngakhale abwana amafuna kuyambira pomwepo.

Tsiku lokaona malo

Musatchule mtengo pafoni. Pitani ndi tepi yoyezera ndi kope, mukaime pakhomapo.

Choyamba dziwani kumene khomalo layang'ana. Harare ali kumwera kwa equator, ndiye m'nyengo yozizira dzuwa limadutsira kumpoto. Khoma loyang'ana kumpoto limaotha dzuwa tsiku lonse mu Juni ndi Julayi. Loyang'ana kumwera limakhala pamthunzi miyezi yambiri, koma musalikhulupirire kotheratu: kuyambira pakati pa Novembala mpaka kumapeto kwa Janyuwale dzuwa la masana limapendekera kumwera pang'ono, ndipo m'mawa ndi madzulo limalimenya khomalo, moti ma fern amene anakondwa chaka chonse amapsa nthawi ya Khirisimasi. Loyang'ana kum'mawa ndiye labwino koposa, chifukwa limalandira dzuwa lofatsa la m'mawa n'kupuma masana. Lovuta ndi la kumadzulo. Dzuwa la Okutobala cha m'ma 3 koloko limatenthetsa njerwa, ndipo njerwazo zimapitiriza kuwotcha mizu ngakhale dzuwa litalowa.

M'kati mwa nyumba vuto ndi kuwala. Maso athu amatinamiza, chipinda chimaoneka chowala pamene zomera zikuona mdima. Magetsi a muofesi amapereka pafupifupi 300 mpaka 500 lux (muyeso wa kuwala) patebulo, zokwanira kuwerenga kalata, pamene khoma la zomera limafuna 1000 lux kapena kuposa, kwa maola 10 mpaka 12 patsiku. Pafoni pali mapulogalamu oyezera kuwala, ndipo ngakhale salondola kwenikweni amakupatsani chithunzi. Yezani pamwamba, pakati ndi pansi pa khoma. Kukachepa, magetsi a LED olunjika pakhomapo alowe mumtengo wa ntchito kuyambira pachiyambi. Onaninso kumene air con ikuuzira. Mphepo yake imaumitsa nsonga za masamba, ndipo ndi imene imaitana akangaude ofiira aja timawadziwa pa tomato.

Kenako gogodani khomalo. La njerwa ziwiri limanyamula. Durawall, mpanda uja wa zidutswa za konkire, ayi: zidutswa zake n'zopyapyala ndipo sizinapangidwire kupachikapo katundu. Timakoma ta mabolodi togawa zipinda m'maofesi nato sitinyamula kanthu. Pamalo otere felemu yokolekapo miphika iime payokha pansi, pamiyendo yake.

Nkhani ya kulemera musaipeputse. Mphika wa masentimita 60 mbali zonse umalowa malita 216. Dothi la m'munda likanyowa limalemera kilogalamu imodzi ndi theka pa lita kapena kuposa, ndiye mphika umodzi wokha ukupitirira makilogalamu 300, ngati matumba asanu ndi limodzi a simenti ataunjikidwa pamalo amodzi. Pansi penipeni zilibe kanthu. Pakhonde la m'mwamba kapena padenga, pemphani woyang'anira nyumbayo afunse injiniya, yankho libwere lolembedwa. Za khoma, dzazani mphika umodzi ndi dothi limene mudzagwiritse ntchito, dzalanimo mbewu, thirirani mpaka udonthe, muuike pasikelo, muchulukitse ndi chiwerengero cha miphika yonse, muonjezere kulemera kwa felemu. Nambala imeneyo ndi imene mupereke kwa injiniya.

Musanachoke funsani zinthu zitatu: madzi achokera kuti, otsala apita kuti, ndipo magetsi akazima chimachitika n'chiyani panyumbapo.

Khoma la mtundu wanji

Zithunzi zimene abwana amakuonetsani pafoni zambiri n'za mtundu umene anautchukitsa katswiri wa zomera wa ku France, Patrick Blanc, amene anakongoletsa khoma la Musée du quai Branly ku Paris, nyumba imene inatsegulidwa mu 2006. Iye sagwiritsa ntchito dothi. Amakhoma bolodi la pulasitiki pafelemu, n'kuyalapo nsalu yokhuthala yomwa madzi, mizu imamera munsalumo, ndipo pampu imatsitsa madzi osakaniza ndi feteleza kangapo patsiku. N'kokongola zedi, komanso n'kopepuka. Koma nsalu sisunga madzi nthawi yaitali. Muno magetsi amatha kuzima kuyambira m'bandakucha mpaka usiku, ndipo tsiku limodzi lotentha lopanda pampu likhoza kuwononga khoma lonse. Ngati nyumbayo ilibe sola yodalirika ndi thanki, ine ndimakana mtundu umenewu poyera.

Umene ndimakonda ndi wa miphika ing'onoing'ono, ya malita awiri kapena atatu, yokolekedwa m'mizere pafelemu ya chitsulo. Dothi la mumphika limasunga chinyontho masiku angapo. Mbewu imodzi ikadwala mumachotsa mphika wake n'kuikapo wina, osasokoneza inzake.

Pali njira yachitatu imene anthu amaiderera chifukwa siyachilendo: miphika ikuluikulu pansi, mawaya okokedwa kukwera khoma, n'kudzala zoyanga. Star jasmine imachita bwino ndipo imanunkhira, golden shower imatulutsa maluwa a olenji nyengo yozizira, bougainvillea imapirira dzuwa la kumadzulo limene zina zonse zimalephera. Pakhoma lalitali lakunja iyi ndiyo njira yotsika mtengo komanso yokhalitsa, kungoti imafuna kudikira chaka kapena ziwiri kuti khoma libisike. Tickey creeper yokha muipewe pakhoma lopaka penti, imakakamira pulasitala ndipo poichotsa imasiya zipsera. Mukapezeka m'tauni, kaimeni pa Robert Mugabe Road muyang'ane Eastgate, nyumba imene anajambula Mick Pearce n'kutsegulidwa mu 1996. Anthu amaidziwa chifukwa cha kuzizira kwake kotengera chulu cha chiswe, koma inu mukaone mmene zomera anaziikira kunja kwa nyumbayo, pakati pa zipilala zotchinga dzuwa. Anaziganizira pamodzi ndi nyumbayo, sanazipachike pambuyo.

Felemu

Owotcherera zitsulo a ku Siyaso, ku Magaba ku Mbare, amapanga felemu yotere mosavuta mukawapatsa miyeso ndi mphika umodzi wachitsanzo. Chitsulo chikhale cha galvanised, apo ayi chipakidwe red oxide, penti yoyambira yoteteza dzimbiri, kenako penti kawiri, makamaka m'malo owotcherera mmene dzimbiri limayambira. Khoma lenilenilo mulipake mankhwala otchinga madzi. Kumbuyo kwa miphika kukhale bolodi la PVC, ndipo pakati pa bolodi ndi khoma musiye mpata wa masentimita atatu mpaka asanu kuti mphepo idutse. Popanda mpata umenewu chinyezi chimalowa m'njerwa, penti ya chipinda cha kuseri imayamba kutupa, nkhungu n'kumera, ndipo mlandu wake ndi wanu. Mabawuti alowe m'njerwa, osati m'mizere ya simenti. Pansi pakhale gata yolandira madzi, yotsetserekera kupaipi yotulutsira kunja. Khoma lanu loyamba lisapitirire pamene mungafike ndi makwerero wamba, chifukwa mphika uliwonse mudzafunika kuugwira ndi dzanja.

Madzi

Apa ndi pamene ndimatherapo nthawi yambiri. Madzi a kumpopi sabwera tsiku lililonse, ndiye khoma lizimwa kuchokera muthanki. Kuchoka pathanki pakhale sefa, kenako timer yotsegula ndi kutseka madzi pa nthawi yake, kenako paipi yaikulu yokwera m'mbali mwa felemu. Mzere uliwonse wa miphika ukhale ndi paipi yakeyake yokhala ndi kavalavu, ndipo mphika uliwonse ukhale ndi kadiripi kake, kachipangizo kodonthetsa madzi pang'onopang'ono. Chifukwa chake n'chakuti mizere simwa mofanana. Wapamwamba umauma msanga ndi mphepo ndi kutentha, wapansi umalandira zodontha za anzake onse, komanso mphamvu ya madzi imakhala yaikulu pansi kuposa pamwamba. Mukalumikiza zonse papaipi imodzi, pamwamba padzauma pansi pakuola.

Ngati mukudalira kutsika kwa madzi popanda pampu, kumbukirani kuti mamita 10 a kutalika ndi amene amapereka bar imodzi, muyeso wa mphamvu ya madzi. Thanki ya pachitsulo cha mamita anayi ikupereka 0.4 yokha pansi, ndipo pamzere wapamwamba zocheperapo. Ma timer ambiri a mabatire satseguka madzi akakhala opanda mphamvu, ndiye pogula nenani kuti mukufuna ya ball valve yogwira ntchito ndi thanki. Madiripi ena, aja opangidwa kuti azitulutsa mofanana, nawonso amafuna mphamvu yokwanira kuti agwire bwino. Funsani wogulitsa musanalipire.

Kuwerengera kwake n'kosavuta. Kadiripi ka malita awiri pa ola kamatulutsa mamililita 100 pa mphindi zitatu. Miphika 200 ikamwa choncho ndi malita 20 paulendo umodzi. Kunja mu Okutobala mungafunike kuthirira kawiri patsiku, pamene mu Juni kamodzi pa masiku awiri kapena atatu n'kokwanira. M'nyumba n'zocheperako. Timer siidziwa nyengo, muyenera kuisintha nokha, ndipo woweruza weniweni ndi chala chanu: chilowetseni m'dothi mpaka pamfundo yachiwiri, pamzere wapamwamba, wapakati ndi wapansi.

Musanadzale kanthu, yendetsani madzi sabata yathunthu. Ikani makapu pansi pa madiripi angapo m'mizere yosiyanasiyana muone ngati akudzaza mofanana, ndipo yang'anani kumbuyo kwa bolodi ngati pali podontha. Abwana amafulumiza chifukwa felemu yopanda kanthu siioneka bwino pakhomo, koma kukonza paipi miphika itadzaza kale ndi ntchito iwiri.

Madzi a borehole ena amasiya zoyera ngati laimu kapena zofiirira za chitsulo, zimene zimatseka madiripi pang'onopang'ono. Sefa muzitsuka ulendo uliwonse. Madiripi otsekeka muwaviike mu viniga usiku umodzi, ndipo m'thumba muzikhala ndi ena atsopano.

Dothi ndi chakudya

Katondo wa m'mayadi a kumpoto kwa mzinda ndi wabwino pansi, koma mumphika amagwirana, amalemera, mizu n'kubanika. Makande a kudambo ndiye oipiratu. Chimene ndimagwiritsa ntchito ndi makungwa a paini owola, omwe aja alimi a fodya amafesera mbande m'mathireyi. Ndimasakaniza magawo atatu a makungwa, limodzi la kompositi yopsa bwino, ndi limodzi la mchenga wa kumtsinje wa maso akuluakulu. Pakhoma, m'malo mwa mchenga ndimaika perlite, timiyala toyera topepuka kwambiri, kuti kupepuke. Makungwa akhale akuda, ofumbutuka m'manja. Aawisi amalanda chakudya cha mbewu pamene akuwola, masamba n'kuchita chikasu. Manyowa a ng'ombe kapena a nkhuku asalowe muofesi, amanunkha ndipo amabala timantchentche.

Ambiri a ife tinazolowera Compound D ndi AN wa chimanga, ndipo dzanja limafuna kuwaza pang'ono. Mumphika waung'ono feteleza wotereyu amawotcha mizu. Gwiritsani ntchito wosungunula m'madzi, theka la muyeso wolembedwa papaketi, kamodzi pa masabata awiri kapena atatu nyengo yotentha, ndipo mu Juni ndi Julayi musiye kaye. Nthawi ndi nthawi thirirani madzi okhaokha ambiri kuti mchere wounjikana m'dothi ukokoloke.

Miphika ikuluikulu

Ya fibreglass ndi yopepuka, yoyenera m'mwamba. Ya konkire ndi yapakhomo pamene mphepo kapena wakuba sangainyamule. Yachitsulo imatentha padzuwa, ndiye m'kati muyalemo chotchinga. Yamatabwa ikakhudza nthaka chiswe sichichedwa. Uliwonse ukhale ndi bowo pansi. Miyala imene tinaphunzitsidwa kuyala pansi pa mphika siithandiza madzi kutuluka, imangochepetsa malo a mizu. Kachidutswa ka shade net pabowo n'kokwanira.

M'maofesi sindidzala mwachindunji mumphika wokongolawo. Mbewu imakhala mumphika wake wa pulasitiki, n'kuulowetsa m'kati, pamwamba n'kuphimba ndi makungwa. Ikafooka ndi mdima ndimaitenga kukaipumitsa pamthunzi kunyumba, n'kubweretsa ina. Madzi otsalira m'mbale yapansi muzitaya, chifukwa amaoletsa mizu ndi kuswetsa udzudzu.

Zomera za muofesi zambiri zimafa ndi chifundo cha anthu. Wina amathiramo tiyi wotsala, wina madzi a m'botolo, amayi oyeretsa nawonso amathirira poona kuti palibe akusamala. Tsiku loyamba ndimakawapeza amayiwo n'kuwauza mwaulemu kuti, "Mayi, maluwawa ndizithirira ndine Lachiwiri lililonse. Inu mukaona madzi pansi kapena masamba akufota, mundiimbire." Iwo amakhala pamalopo tsiku lililonse ndipo amaona vuto ine ndisanafike.

Zodzala

M'nyumba ndi pamthunzi, spider plant ndiye maziko a khoma langa lililonse. Kwawo ndi kuno ku Africa, imapirira, ndipo imabereka ana amene mumadzala osagulanso. Ndimaisakaniza ndi money plant, syngonium, Boston fern ndi asparagus fern. Zokonda chinyontho monga fern ndi peace lily zipite m'mizere yapansi, zopirira zipite pamwamba. M'miphika ya m'makona amdima, sansevieria ndi ZZ plant sizikhumudwitsa. ZZ imamera yokha m'tchire kum'mawa kwa Africa, ku Malawi ndi muno momwe, ndipo imasunga madzi m'zinthu zonga mbatata pansi, choncho imafuna kuthiriridwa mwa apo ndi apo.

Kunja padzuwa dzalani spekboom, bulbine, ma aloe ang'onoang'ono ndi zina za masamba onenepa. Kuti muone mitundu ya aloe ndi kukula kwake, pitani ku Ewanrigg Botanical Garden pamsewu wa ku Shamva mu Juni kapena Julayi pamene ikuchita maluwa. Lantana musaidzale ngakhale ataipempha, ndi udzu woononga umene wadzaza kale tchire.

Kusukulu ya mkaka kapena kuchipatala cha ana, money plant, peace lily, syngonium, ZZ ndi dieffenbachia zikhale kutali ndi manja a ana. Madzi a masamba ake amawotcha m'kamwa mwana akatafuna.

Harare ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo mu Juni ndi Julayi chisanu chimagwa, makamaka m'malo otsika oyandikana ndi madambo. Khoma lakunja mulidzale kuzizira kukatha, kapena mvula ikayamba mu Novembala. Pamalo achisanu sungani nsalu yophimbira usiku, ndipo muzithirira m'mawa.

Mudzamva ogulitsa ena akunena kuti zomera zimayeretsa mpweya wa muofesi, potchula kafukufuku wa 1989 wa NASA, bungwe la ku America la za mumlengalenga. Kafukufukuyo anachitikira m'timabokosi totsekedwa, ndipo m'chipinda chenicheni zenera lotsegula limachita zambiri kuposa miphika. Musalonjeze zimenezo. Lonjezani malo okongola amene anthu amasangalala kugwiriramo ntchito, ndi khoma lakunja lotetezedwa ku dzuwa.

Mgwirizano wosamalira

Ine sindivomera kumanga khoma popanda mgwirizano wolembedwa wolisamalira, ndipo mtengo ndimaupereka pawiri: womanga, ndi wa mwezi ndi mwezi. Abwana akati wantchito wawo azisamalira, ndimapempha kuti ndimuphunzitse ndipo ndizibwera kamodzi pamwezi. M'pepalamo mulembe tsiku lobwera, wolipira madzi ndi mabatire, ndi wolipira mbewu zikafa chifukwa thanki inasiyidwa youma.

Ulendo wa sabata iliyonse umayenda chonchi: kutsuka sefa, kutsegula madzi n'kuyang'ana kadiripi kalikonse, kuyesa dothi ndi chala, kudula zouma, kuchotsa zinyalala mugata, ndi kutembenuza masamba kufunafuna tizilombo. Toyera tonga thonje timabisala m'mphanda za masamba. Tikakhala tochepa tipukuteni ndi kansalu koviika m'madzi a sopo, tikachuluka chotsani mphikawo mukauthire mankhwala kunja, osapopera muofesi muli anthu. Fumbi la Ogasiti limafuna kupukuta masamba, ndipo maluwa a jacaranda akayamba kugwa mu Okutobala gata yakunja imatsekeka msanga. Kunyumba sungani miphika yapadera, umodzi pa khumi iliyonse ya pakhoma, yokula kale kuti mpata ukaoneka mutseke tsiku lomwelo.

Nkhani ya Disembala muikambe mu Novembala. Makampani ambiri amatseka kuyambira pakati pa Disembala mpaka kumayambiriro kwa Janyuwale, makatani amatsekedwa, magetsi amazimitsidwa pa switch yaikulu, ndipo enafe timakhala tili paulendo wa kumudzi. Pemphani kalata yokulolani kulowa, dziwanani ndi alonda a masana ndi a usiku, magetsi a khoma ndi pampu akhale pa switch yawoyawo yolembedwa kuti isazimitsidwe, mabatire a timer akhale atsopano, thanki yodzaza. Ngati mukupita ku Malawi, amene akutsalira ayende nanu maulendo awiri musananyamuke, ndipo dzina lake lilembedwe m'kalata ya pageti.